A Mowongoka ndi chiwongolero

Ngati munakwerapo basi ya kampani yathu ya njanji n'kutsika mukupemphera, ndiye kuti a Mowongoka munawadziwa. Mkuluyu ankadana ndi kukhota. Sitingawanene: anayendetsa sitima zaka makumi atatu, ndipo sitima ilibe chiwongolero. Njanji ndiyo inkawakhotera.

Tsono kampani itaimitsa sitima n'kugula mabasi, oyendetsa sitima anauzidwa kuti aphunzire basi, apo ayi azipita kwawo. A Mowongoka zinali zitawatsalira zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito mwaulemu, choncho anavomera. Tsoka ilo, mphunzitsi amene kampani inawapatsa anali mkamwini wawo. Nanga apongozi n'kuwakalipira?

Tsiku loyamba basi inalunjika khoma la depoti. Ife makondakitala tinabalalika. Mkamwini, thukuta lili kamukamu, anayamba ndi kupepesa.

"Bambo, ngati sindikukuvutitsani, mwina tikhoteko pang'ono."

"Ikhota yokha ikafika pokhotera."

"Bambo, iyi sikhota yokha."

"Ndiye mwagula chinthu chakufa."

Khomalo linapulumuka chifukwa mkamwini analumphira chiwongolero, kenaka anapepesanso poti anakhudza dzanja la apongozi.

Laisensi a Mowongoka anaipeza ulendo wachinayi, kutatsala sabata imodzi kuti achotsedwe ntchito. Tsikulo depoti yonse tinavina, mpaka amanejala tayi ili paphewa.

Kumsewu ndiye kunali zisudzo. Ankayamba kuponda mabuleki siteji isanaoneke n'komwe, ngati akukoka mabogi a sitima makumi awiri, moti amayi ogulitsa nthochi ankayenda pambali pa basi, kutsatsa, kugulitsa, kutsanzika, basi isanaimebe. Tsiku lina wapolisi atawakwezera dzanja, anamudutsa n'kukaima uko, kenaka anabwerera wapansi kudzamulangiza mwaulemu kuti munthu wofuna kuimitsa anzake amanyamula mbendera yofiira. Wapolisiyo anaseka mpaka kuiwala chomwe anawaimitsira. Zobwerera chammbuyo ndiye ankakaniratu, amvekere munthu wamkulu sabwerera. Akaphonya pokhotera ankazungulira tauni yonse, apaulendo n'kuonerako malo omwe sanawaganizire.

Komatu zaka ziwirizo zinatha osagunda ngakhale nkhuku. Atapuma, ankabwerabe m'mawa uliwonse ndi kahamala kawo kogogodera matayala a sitima. Ankagogoda matayala a basi iliyonse khutu atatchera, ngati tayala la mphira lingawauze kanthu. Akatha apo ankatifunsa mmodzimmodzi za ana athu, kuwatchula maina osaphonya, mpaka kalasi yomwe ali.

Anatisiya chaka chatha, mvula itangoyamba. Kahamalako mkamwini anakapachika pakhomo pa ofesi. Masiku ano timangofika, kuliza injini, aliyense ulendo wake. Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso. Ndinazungulira depoti yonse nkhaniyo ili pakamwa, osapeza wondifunsa.