Chigayo chomwe ndinatsegulira ndili ku Liwonde

Mpaka lero foni ikaonetsa dzina la mkonzi, ndimazengereza kuyankha. Zinayamba ndi chigayo.

Ndinali pa miyezi itatu yoyesedwa ntchito, ndikutumiza nkhani za ku Balaka ndi Machinga ku nyuzipepala ina ya Chingerezi. Kumapeto kwa kope langa ndinkasungako mawu akuluakulu, aja amanenera zinthu zosintha mbiri ya dziko: historic, unprecedented, epoch-making. Vuto linali lakuti ku Balaka mbiri sisintha sabata iliyonse. (Ndinayesapo limodzi pa nkhani ya zimbudzi zamumsika, mkonzi analifufuta.)

Kenako ndinamva kuti gulu la amayi kumudzi wina ku Chikweo likutsegulira chigayo choyendera dzuwa Lachinayi masana. Nkhani inkafunika 2 koloko isanakwane, ndipo netiweki kumeneko ndi yosowa. Ndiye ndinachita zomwe atolankhani timakana pagulu: ndinalemberatu. Ndili pasiteji ya Liwonde ndinathiramo mawu onse atatu, n'kuwonjezera khamu la anthu ndi nthungululu. Ndinatumiza.

Njinga yamoto inanditsitsa 1 koloko itangodutsa. Mipando yosanja bwino, yopanda munthu. Chigayo chokhoma. Pansi pa mtengo wa mango panakhala mlonda wachikulire wovala kofiya yoyera.

"Bambo, mwambo watha kale?"

"Iyayi. Amayi apampando ataya alongo awo m'mawa uno. Anthu onse ali kumaliro."

"Koma pulogalamu inati lero!"

"Kwa ife Asilamu maliro sagona, achimwene. Chigayo ndiye chingagone."

Ndinatulutsa foni kuti ndiimbire mkonzi. Netiweki zii. Mlondayo analoza chulu: "Pamwamba apo imagwira, mukayang'ana kumadzulo."

Ndinakwera ndi nsapato zanga zamuofesi, dzanja lili m'mwamba. Ndinaimba katatu, osayankha. Kachinayi mkonzi anayankha mosangalala.

"Wa ku Balaka! Ntchito yabwino. Ili kale pa intaneti, mawa tsamba lachitatu."

"Bwana, chigayocho sichinatsegulidwe. Kuli maliro."

Mkonzi anangofunsa funso limodzi:

"Nanga nthungululuzo waimba ndani?"

Ndinayang'ana pansi pa chulu: mlonda ndi mbuzi ziwiri.

Nkhaniyo mkonzi anaichotsa pa intaneti, koma achibale a amayi apampando okhala m'tauni anali ataiwerenga kale. Anaimbira ofesi kufunsa kuti ndani ankasangalala m'mudzi mwawo tsiku loika maliro. Loweruka ndi Lamlungu lonse ndinkadzidzimuka foni ikangolira, ndikudikira kumva kuti ntchito yatha.

Lolemba mkonzi anandiwonjezera miyezi ina itatu yoyesedwa, n'kundilamula kulemba ndekha chipepeso. Mizere inayi, Chingerezi cha mwana wa Sitandade 5. (Ndiyo nkhani yanga yoyamba kutuluka osasinthidwa ngakhale chilembo chimodzi.)

Masiku ano sindilembanso chinthu chomwe sindinachione ndi maso anga. Kupatula mutu ndi ndime yoyamba, paja ulendo wa ku Chikweo ndi wautali.