Abakha Amene Anasiya Anaphiri

Lolemba
Esnati, mwana wanga wa ku Joni, akuti Lamlungu adzaimba foni ya kanema kuti ndionane ndi Tadala, mdzukulu wanga. Mwanayo Chichewa sadziwa. Ine Chingerezi ndinachisiya ku Fomu 2.

Ndatsegula sutikesi ya mkazi wanga Anaphiri koyamba chimwalirireni. Kope lawo lophunzitsira Sitandade 5 likununkhirabe choko. Patsamba lina anandandalika mawu a kuchuluka kwa zinthu, kuyambira pamwamba kutsika: many, several, a few, a couple of, no. M'munsi, ndi inki yofiira: "Osaiwala s kumapeto!"

Ana amakonda ziweto. Abakha amene anasiya Anaphiri alipo khumi ndi anayi. I have many ducks. Ndabwereza kakhumi, mokweza, nditaima pakhola. Zikuyenda!

Lachiwiri
Abiti Saidi a kuseri kwa mpanda afika ndi dengu. "Alamu, munthu akayamba kuwerenga abakha m'Chingerezi ndiye kuti wagula tikiti. Musanagulitse, ndipatseni anga." Ndakana zoti ndikupita ku Joni. Angomwetulira. Atatu ndi awo, Anaphiri ankangowawetera. Chizindikiro chake ulusi wobiriwira kumwendo. Ine ulusiwo ndimauona, ndimayesa zokongoletsa.

Atsala khumi ndi mmodzi. Many akugwirabe ntchito.

Lachitatu
Amayi awiri a Mvano. Ulusi wofiira, ulusi wachikasu. Asanu apita. "Pamaliro sitikanafunsa, bambo." Chaka chonse ndakhala ndikudyetsa madeya abakha a mudzi wonse!

Asanu ndi mmodzi. Ndatsika mzere umodzi: several. Lilime likukana, koma ndilimba nalo.

Lachinayi
Mayi wina wochokera ku Dwangwa, pa minibasi. Sindimudziwa. Akuti Anaphiri anamuphunzitsa kulemba dzina lake ali kale ndi adzukulu, pakhonde pomwe pano, ine ndili kudimba. Walemba dzinalo pamchenga kuti ndione. Walira, kenako waseka, kenako watenga atatu.

A few. Nkhani ya khondeyi sindimaidziwa. Ndakhala pamenepo nthawi yaitali.

Lachisanu
Ndikuyeserera chamumtima tsopano, zenera lotseka. Sizikuthandiza. Abiti Saidi abweranso swala ya kumzikiti itatha: "Ndinawerenga molakwa, alamu. Wotsimphina uja ndi wanganso."

A couple of ducks. Awiri okha, koma s akadalipo.

Loweruka
Bakha wamphongo akuti ndi wa Mvano yonse. Agwirizana kuti aphedwe mawa, ponditsanzikira. Ndanena katatu kuti sindikupita kulikonse. "Amuna onse amatero," atero mayi Chisale, mkulu wawo.

Wotsalayo wasowa. Ndafufuza kumpunga, kuchitsime, kuseri kwa tchalitchi. Palibe.

No ducks. Tsamba latha.

Lamlungu
Bwalo ladzaza amayi: a Mvano, a kumzikiti, ngakhale wa ku Dwangwa uja. Mpunga, bakha, nyimbo zotsanzikana.

Foni yalira. Kankhope kakang'ono, mano awiri akutsogolo palibe, chipumi cha Anaphiri chenicheni. Zonse ndinaloweza zauluka. Ndangoti, "No ducks." Mwana wayang'ana kumbuyo kwanga n'kufuula, "Many agogo!" Waiwala s. Sindinamukonze.

Foni andilanda. Yazungulira bwalo lonse, aliyense akuti mwanayo wafanana ndi iyeyo. Abiti Saidi afunsa Esnati tsiku londitenga. Esnati waseka mpaka kutsokomola: "Abambo? Ku Joni? Asiye manda a amayi?" Kenako mayi Chisale: "Basi, poti waphikidwa kale, tiyeni tidye." Wobweza bakha palibe.

Sabata yonse yophunzira, ndalankhula mawu awiri. Chabwino.

Anthu atapita, ndikubweza mpasa kukhitchini, ndamva kufwenthera kuseri kwa nkhuni. Wosowa uja. Kumwendo alibe ulusi uliwonse. Ameneyu ndiye wa Anaphiri. Akufungatira mazira asanu ndi anayi.

Kope sindinalibwezere m'sutikesi. Tsamba lija ndalipinda pakona.