Dzino Langa la Mizu Iwiri

Mukandiona ndikuseka nditaphimba tsaya lakumanzere, musavutike kufunsa. Ndiulula ndekha.

Dzino lam'munsi, loyandikana ndi achibwano, linandizunza milungu itatu. Anzanga amene timayendetsa nawo magalimoto a malasha ku Moatize ankati ndikangolizulitsa. Ine toto, ndinkalifuna dzino langa. Dotora wina wamkazi kuno ku Matema anati alipulumutsa: achotsa mtsempha wowola m'kati mwa muzu, atsukamo, n'kumata. Anachitadi, koma patangotha masiku anayi linayambiranso kuwawa. Ndinabwererako nditalusa (mawu okalipira ndinawakonzeratu m'njira).

"Kalma, bambo, mtima pansi," anatero dotora, n'kujambulanso dzinolo chammbali. "Epa! Taonani. Lili ndi mizu iwiri. Winawu unabisala kuseri kwa unzake."

"Ndi matenda?"

"Ayi. Mabuku ambiri amaonetsa muzu umodzi pa dzino ili, poti anatengera mano a azungu. Mwa ife anthu akuda iwiri si yachilendo. Matchaina ambiri chibwano chawo chili ndi itatu."

Abale, chimwemwe chake! Ine, munthu amene sindinapambanepo ngakhale bawo, ndili ndi muzu wapadera! Dotora anatsuka muzu wachiwiriwo, n'kumata mongoyembekezera. "Dzino lochotsedwa mtsempha silichedwa kusweka," anachenjeza. "Musatafunire uko mpaka ndidzaliveke chipewa chake Lachisanu." Ndinagwedeza mutu, koma mtima unali pa chithunzi chija, chomwe ndinali kuchijambula pa foni.

Ndinaonetsa aliyense: kuntchito, kutchalitchi, ngakhale mayi wogulitsa pau (buledi), amene anayesa ndi chithunzi cha mimba ya mkazi wanga.

Lamulungu tinapita ku Degue kwa mlamu wanga. Pakhonde panali lichero la masau ouma.

"Alamu," anatero iye, "mizu iwiriyo ndi ya pa foni chabe, kapena imagwira ntchito?"

"Mtengo wa mizu iwiri mphepo siugwetsa," ndinayankha, ndikusankha sau lalikulu.

"Bambo a Zita, dotora anati chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

Ndinamva, koma anthu anali atasiya kale zochita n'kumandiyang'ana. Ndinaika nthanga pa dzino lija, n'kuluma ndi mphamvu zanga zonse. Khaa!

"Mwamva?" ndinatero monyadira, n'kulavulira m'dzanja kuti onse aone. Nthanga inali yathunthu. Pambali pake panali theka la dzino.

Lolemba dotora anayang'anitsitsa m'kamwa mwanga. Kenako anati lang'ambika mpaka pansi, palibenso chopulumutsa. Kuzula kwake kunali kwa thukuta, poti muzu uliwonse unkakana paokha.

"Ukanakhala umodzi bwenzi titamaliza kalekale," anatero akupuma.

Zinandiwawa mumtima, zoona. Maulendo onse aja, dzino litachira kale, ine n'kulipha ndekha chifukwa cha mlamu ndi sau limodzi.

Komabe ndinapempha kuti andipatse. Lili m'kabotolo pamwamba pa kabati, ndipo mkazi wanga waletsa kulitsitsa alendo akamadya. Ndimadikira amalize. Mizuyo ndi iwiridi.