Kiyi Yanga ya Kale

Mpaka lero ndikamadutsa pa Kabudula, akabaza amandipatsa moni mwaulemu ndithu, koma ndikangopitirira pang'ono ndimamva wina akulira ngati mbuzi kumbuyo kwanga. Sinditembenuka. Ndikudziwa chimene akukumbukira.

Inu amene mumandiona ndi dazi ndi kamimba, ndikuyimba besi kumzere wakumbuyo mu kwaya ya kutchalitchi, simungakhulupirire kuti ndinali woyimba nyimbo za roko. Inde, roko yeniyeni, ya magitala olira ngati akukangana. Malume anga anabwera ndi makaseti ake kuchokera ku Joni, ndipo ine ndi anzanga atatu tinayambitsa bandi pa Nsaru, tikumalumikiza zokuzira mawu ku batire la galimoto. Chingerezi cha m'makasetimo sitinkachimva, choncho tinkapeka nyimbo zathuzathu m'Chichewa, n'kungobwerekako kukuwako.

Ndiye kukuwa ndinkakutha. Mawu anga ankafika kumene ngakhale atsikana a kwaya ankaopako, mpaka anthu anandipatsa dzina loti Wenzulo. Nyimbo yathu yotchuka (kutchuka kwake kuyambira pa Nsaru kulekeza pa Mpingu) inali yodandaula za mtsikana amene anandikana. Kumapeto kwake inali ndi makwerero atatu: pokwera, pokwera kwambiri, ndi pachitatu pamene ndinkagwada, kutsinzina, n'kukuwa mpaka agalu kuyankha.

Koma mawu ali ngati denga la udzu, amatsika osakutsanzika. Nditakwatira tinaitsitsa pang'ono nyimbo ija, ine n'kumanamizira chimfine. Nditakwanitsa zaka makumi anayi tinaitsitsanso, n'kunamizira fumbi la fodya. Kenako bandi inatha. Wa ng'oma anapita kutauni, wa gitala anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo n'kuyamba kukana kuti anagwirapo gitala.

Ndiye chaka chatha mwana wanga woyamba, Tiyamike, anapeza banja. Pokonzekera ukwati ndinalengeza kuti pa madyerero ndidzayimba nyimbo ija. Mkazi wanga Nabanda (amene ndi mtsikana wondikana uja, anadzasintha maganizo) anasiya kusenda mtedza n'kundiyang'ana.

"Bambo a Tiyamike, kodi mwana ameneyu anakulakwirani chiyani?"

"Iwe, mawu sakalamba."

"Chabwino. Koma akuchimuna ndi anthu aulemu, aphunzitsi okhaokha. Musakatichititse manyazi."

Milungu itatu ndinkadzitsekera m'chigafa kukonzekera. Ndinamwa uchi, mandimu, jinja, mazira aawisi (nkhuku za Nabanda zinanamiziridwa kuti zasiya kuikira). Pamakwerero awiri ndinkafika movutikira. Pachitatu ndinkangopalumpha, n'kumadziuza kuti zinthu zabwino amasungira tsiku lake.

Tsikulo linafika. Madyerero anali masana, pabwalo la sukulu, jenereta ikulira kuseri kwa kalasi. Wa kiyibodi anali Mayi Phiri, mphunzitsi wa kwaya yathu, munthu wofatsa amene amadziwa malire a khosi la aliyense mumpingo. Ndinawanong'oneza kuti, "Kiyi ya kale, mayi. Ya Wenzulo." Anagwedeza mutu osandiyang'ana.

Abale anga, ndinayimba! Khwerero loyamba ndinadutsa ngati ndikuyenda pabwalo. Lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu ndinagwada, mawondo n'kulira kuti khekhe, koma mawu anatuluka oyera bwino. Nthungululu zinamveka mbali zonse. Tiyamike ankapukuta misozi ndi golovesi. Ngakhale a Chimbalanga, malume ake a mkwati, mphunzitsi wamkulu wopuma amene sanamwetulire chiyambire m'mawa, anaomba m'manja kawiri.

Munthu wanzeru akanakhala pansi pomwepo. Ine ndinagwiritsitsa maikolofoni.

"Mwamva nokha eti? Ena kunyumba ankati ndakalamba! Mawu amenewa ali pomwe anali ndili mnyamata, sanatsike olo pang'ono. Mayi Phiri ndi mboni. Auzeni anthu, mayi, kiyi imeneyi ndi iti?"

Ndinawalozetsa maikolofoni kukamwa. Vuto la Mayi Phiri ndi loti sadziwa kunama.

"Pepani bambo," anatero, mawu awo akumveka mpaka kumsika, "amayi akunyumba kwanu anandipempha kuti nditsitse. Ndinadina kabatani aka kanayi."

Kenako wina kumbuyo anaphulika kuseka, bwalo lonse n'kutsatira. Nabanda anali kalikiliki kukonza duku lake lomwe linali lokhala bwinobwino.

Apa ndi pamene satana anandikhala paphewa. Ndinati, "Tibwereza!" Mayi Phiri anayesa kutchinga kiyibodi ndi mkono, koma ndinawadutsa n'kudina ndekha kabatani kokwezera. Ndinadina mwaukali, osawerenga. Anandiuza pambuyo pake kuti ndinadina kasanu ndi kawiri, kutanthauza kuti ndinapitirira ngakhale pamene Wenzulo weniweniyo ankalekezera.

"Bambo, mwakweza kwambiri," anandinong'oneza.

"Imbani, mayi!"

Mzere woyamba womwe ndinadziwa kuti ndalowa m'madzi akuya. Khwerero loyamba ndinalikwera chokwawa, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe zomangira mabelo a fodya. Lachiwiri ndinaimirira ndi zala za kumapazi, ngati kuti mawuwo ali pashelefu ndipo ndiwafikira. Thukuta linkatsika padazi n'kulowa m'maso. Ndinaona Tiyamike akubisa nkhope kuseri kwa maluwa, koma kubwerera kunali kosatheka.

Pachitatu ndinadzigwetsa pansi ndi mawondo, kugwira maikolofoni ndi manja onse awiri, kutsinzina, kuponya mutu kumbuyo, n'kukoka mpweya wonse wa m'boma la Lilongwe. Chimene chinatuluka sindinachimvepo kwa munthu. Chinayamba ngati chitseko cha dzimbiri, n'kusanduka kulira kwa mbuzi yomangidwa pa kaliyala ya njinga, kenako chinaduka. Ndinatsala kukamwa kuli yasa, thupi lonse likunjenjemera, mawu osatuluka.

"Magetsi! Magetsi awagwira!" anakuwa mayi wina wa kuchimuna.

Chipwirikiti. Wina anathamangira kukazimitsa jenereta. A Chimbalanga, amene anaphunzitsa sayansi moyo wawo wonse, ankadziwa kuti munthu wogwidwa ndi magetsi samukhudza ndi manja. Anatola mpini wa khasu umene anakhomera zikhomo za tenti, n'kundimenya nawo pamkono kuti ndisiye maikolofoni. Sindinasiye, chifukwa ndinali ndisanamvetse chimene chikuchitika. Anabwereza. Ulendo wachiwiriwu ndinasiya.

Anandigoneka chagada, kundivula nsapato, amayi awiri akundikupiza ndi zitenje. Namwino wina amene anali pakati pa alendo anandigwira pamkono n'kufunsa, "Bambo, mukumva kuwawa pati?" Ndinafuna kunena kuti pamene pagunda mpini, koma pakhosi panangotuluka mpweya.

Nabanda anafika, n'kugwada pambali panga. Anandiyang'ana m'maso, ine n'kumuyang'ananso momupempha. Ankadziwa zonse. Anatembenukira kwa anthu n'kunena mokweza kuti, "Mawaya a masiku ano ndi osadalirika. Tithokoze Mulungu kuti a Chimbalanga anali pafupi."

Anthu anawaombera m'manja a Chimbalanga. Mwini zokuzira mawu analumbira kuti mawaya ake ndi atsopano, palibe anamumvera. Ine ndinakakamizika kuwagwira chanza ondimenyawo ndi dzanja lamanzere, kuwathokoza ndi mutu populumutsa moyo wanga. Mpaka lero akamabwera kudzacheza amandikumbutsa, ndipo ndimathokozanso.

Mawu anabwerera patapita sabata, otsika kuposa kale. Ndaphunzirapo kuti munthu akakuchitira chifundo mobisa, usamufunse pa maikolofoni.

Mwana wanga wachiwiri akukwatiwa mvula ikatha. Komiti ya ukwati yakhala kale pansi, ndipo yagwirizana kuti ntchito yanga idzakhala pemphero lotsekera basi. Ndavomera ndi mtima wonse. Sanafunse ngati pempherolo lili ndi kolasi.