Nkhosa Ziwiri ndi Madeya a Mwana

Lolemba
Nyanja ya Chiuta yaphwa. Maukonde ndagulitsa, ndakagula nkhosa ziwiri ku Ulongwe, poti njala ino anthu akungotaya ziweto. Nzeru zanga ndi izi: ndizinenepetse, pa Idi ndigulitse, chimanga chilowe m'nyumba. Mayi a kunyumba akuti, "Inu a nsomba, nkhosa munawetera kuti?" Nsanje basi!

Lachiwiri
Alangizi a ziweto andipeza, pepala lili m'manja. Chilolezo choyendera ndi ziweto? Ndilibe. Andikhululukira, koma malamulo andisiyira: khola lokwera, lofolera bwino, mankhwala a dibi ophera nkhupakupa, mchere, madzi oyera, madeya m'mawa ndi madzulo. Madeya! Omwe tikudya ife pakhomo pano.

Lachitatu
Ndaphwasula nkhokwe, chaka chino ilibe ntchito. Khola laima, lopendekeka pang'ono. Nkhosa zakana kukwera, ndachita kuzinyamula. Msana wanga ine!

Lachinayi
Mayi ali ku ganyu. Ndatapa madeya mbale ziwiri m'thumba, lamulo ndi lamulo. Nkhosa zikudya, mwana wanga Asiyatu waima poteropo akumeza malovu. Manyazi andigwira.

Lachisanu
Mayi adziwa. Kani analemba mzere wa khala m'kati mwa thumba. Sanakalipe iyayi, angotenga mbale yanga n'kukaika m'khola. "Kadyereni konko ndi abale anuwo." Kumzikiti m'mimba mukungolira, mzere wonse wa opemphera wamva.

Loweruka
Madeya andibisira. Ndati nkhosa zikadye msipu, ndazimasula monga tichitira ndi abakha kunyanja, poganiza kuti zibwera zokha. Zalowa m'munda mwa a Jafali oyandikana nafe, kachimanga kawo kothirira ndi ndowa zamweta konse. A Jafali akhala pansi m'mundamo, manja ali kumutu. Nkhosa imodzi ndawasiyira, ndinenenso chiyani? Alangizi podutsa akuti, "Lamulo la chingwe ndinaiwala kukuuzani."

Lamulungu
Yotsalayo ndapita nayo kuchigayo, ndasinthanitsa ndi madeya ndowa ziwiri. Ndikanangogula chakudya Lolemba lomwe lija! Ulimi wa nkhosa wathera pomwepa, ndipo ndikudandaula kwambiri. Mayi aphika nsima ya madeyawo osandiyang'ana. Ine ndakhala chapatali, ndati sindikumva njala. Asiyatu wandikankhira mbale yake: "Ababa, idyaniko, lero palibe wolanda." Ndatema kamodzi, mbaleyo n'kumubwezera.