Nsungwi Yokoka Redi ya Bambo a Rosita

"Alô! Alô! Sim, sim, chefe, ndikukumvani! Lankhulani momasuka, kuno redi yadzaza mpaka ikutayikira pansi!"

Ameneyo ndi Hermínio, bambo a Rosita. Kayendedwe kake ndi aka, taonani: mimba patsogolo, matako m'mbuyo ngati ali pa ulendo wawowawo, foni kukhutu, dzanja linalo likudula mphepo, nsapato zofiira zosongoka zikuponda ngati dziko anachita kuyala yekha. Inu, tamverani, kumene amalankhulako kunalibe munthu! Foniyo inali zii ngati mwala wa mumtsinje.

Mudzi umene anakwatirako Hermínio uli m'chigwa, kuseri kwa phiri, mbali ya ku Majaua. Redi, ija anzathu a kutsidya kwa Ruo amati netiweki, imangodutsa pamwamba ngati ndege. Ukafuna kudziwa tsiku lobwera anamwino a sikelo ya ana, palasa njinga mpaka ku posto, kumene kuli maofesi a boma. Ukafuna mtengo wa nandolo ku Milange, palasa. Ukafuna kuitana ambulansi, wodwalayo amachira yekha, kulima, kukolola, foni isanalowe.

Ndiye tsiku lina anthu anangodzuka n'kuona nsungwi yaitali itazikidwa pabwalo pa Hermínio. Kumwamba kwake chivundikiro cha poto, masipoko a njinga, ndi waya wotsika mpaka pawindo.

"Chimenechi n'chiyani, bambo a Rosita?"

"Tecnologia," anatero, akusisita mimba. "Simungamve. Bweretsani mafoni."

Ndipo zinkatheka, inu! Masana aliwonse amatolera mafoni a mudzi wonse m'thumba la feteleza n'kuthamangitsa aliyense. "Chokani, chokani! Redi ndi yamanyazi, sitsika anthu akuyang'ana." Pakapita kanthawi, mafoni aja amabwerera kwa eni ake atadzaza mauthenga: uyu mwana wake wa ku Joni wamupatsa moni, uyu wamva kuti katemera ndi Lachinayi. Anthu anayamba kumuvulira zipewa, mkamwini ameneyu!

Koma chinsinsi chake ndikuuzeni ine. Tsiku lina apongozi ake aakazi, a Constância, atapita kumaliro, mkazi wake Ofélia anamutuma kukatapa chimanga m'nkhokwe ya amayi akewo. Nkhokweyo ili pakachitunda, moyang'anana ndi mpata wa mapiri. Atangolowamo, foni m'thumba tiriri! tiriri! Mauthenga kutuluka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Mudzi wonse, malo a redi ndi amodzi okha: m'nkhokwe ya apongozi, utaimirira pamwamba pa chimanga.

Tsono inu mukudziwa kwathu kuno. Mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera, amasiya njira n'kulowa patchire, kaya pali chitedze. Nanga kupezeka m'nkhokwe mwawo osatumidwa? Bola kugwidwa ndi mbuzi ya tchalitchi paphewa. Choncho Hermínio amadikira a Constância apite kudimba, iye n'kuzemba ndi thumba lija kudzera m'munda wa chinangwa, kukwera, kukhala m'menemo mpaka mafoni atakhuta, n'kubwerera kukaima pansi pa nsungwi yake ngati wochita zozizwitsa.

"Bambo a Rosita," anafunsa Ofélia tsiku lina, "nanga anankafumbwe m'tsitsimu achokera kuti?"

"Anankafumbwe ati? Amenewo ndi mamega a redi, mayi. Akamatsika pa waya amaoneka choncho."

Akuluakulu anati bodza lilibe mwendo, koma la Hermínio linali ndi njinga. Linayenda mpaka linafika pa nkhani ya ukwati.

Rosita anapeza mnyamata wa ku Mongue, Ednilson. Amalume a mnyamatayo, a Lino, mkulu wa mpingo wouma ngati chikuni, anabwerapo kale kudzafunsira mbeta n'kubwerera manja lende, chifukwa mwini mbumba, Euclides, mlongo wake wa Ofélia, amagwira ntchito kudoko ku Beira. Bambo akhoza kubereka, koma wopereka mwana ndi malume. A Lino ananeneratu: "Ulendo wachiwiri ukakhala wopanda mutu, wachitatu kulibe. Atsikana ku Mongue sanathe."

"Zazing'ono!" anatero Hermínio. "Alamu anga muwaona nkhope, pa vidiyo, pansi pa nsungwi yanga. Loweruka masana."

Pakamwa, inu, pakamwa! Analankhula asanaganize kuti uthenga umalowa m'thumba, koma nkhope ya munthu wolankhula siinyamulika.

Loweruka linafika. Alendo anakhala pamphasa pansi pa nsungwi, njinga zawo atatsamiritsa pamtengo wa mango. Rosita akusuzumira kukhitchini. Hermínio anatuluka atavala nsapato zofiira zija, n'kukweza foni ngati wansembe.

Zii.

"Mitambo," anatero.

"Kumwambaku kuli mbee, bambo," anayankha a Lino.

"Mitambo ya ku Beira."

Anagwira nsungwi n'kuyamba kuipotokola kuti iyang'ane kum'mawa. Chivundikiro cha poto chija gwedegwede, kenako mbwee! pamutu pa a Lino. Kulira kwake kunamveka ngati belu la Sande.

"Yafika redi?" anafunsa a Lino, akusisita dazi.

"Ili pafupi. Kungoti ndi yamanyazi. Mukanatembenuka pang'ono nonse, muyang'ane kutchire..."

"Ife tapalasa kuchokera ku Mongue kudzaona nkhope ya mwini mbumba, osati tchire. Tchire kwathu liliko."

Hermínio anakwera pamtondo, foni m'mwamba. Mtondo unagubuduka, iye chagada, miyendo kuloza kwa Mulungu. Atadzuka anaona a Lino atatenga pampu n'kuyamba kupopa tayala la njinga. Fyuu, fyuu. Aliyense amadziwa tanthauzo la mlendo akayamba kupopa.

Rosita anabwera n'kugwada pafupi, misozi ili mbwembwembwe. "Ababa, akapita sabweranso. Chitanipo kanthu."

Apo Hermínio anaponya maso kukachitunda kuja. Anagwira pamimba. "Pepani alendo, nyemba za dzulo." Liwiro, kudzera m'chinangwa!

Nzeru yake inali yoti akalowe m'nkhokwe, Euclides anene kuti "ndavomera," ajambule mawuwo, abwere nawo. Chimene anaiwala n'chakuti tsiku la mdzukulu a Constância sangapite kudimba. Anali khale pakhonde pawo, chitenje chatsopano, akudikira kuitanidwa. Hermínio anakwawa ngati ng'azi, kukwera chakumbuyo, kutukula denga, psiti, m'kati.

Foni inalowa nthawi yomweyo, mawu ali pamwamba penipeni.

"Alamu! Bwanji kuli mdima choncho? Muli m'manda?"

"Nong'onani, alamu, chonde. Ingonenani kuti mwavomera."

"Ndivomere ndani? Alendowo ali kuti? Ine ndikuona zitsononkho. Mwana wa mlongo wanga ndimupereke kwa zitsononkho? Dikirani... kodi imeneyo si nkhokwe ya amayi? Ndinaluka ndine imeneyo!"

Inu, tamverani. Mayi wokalamba ali phee pakhonde, akumva mawu a mwana wake wa ku Beira akuchokera m'nkhokwe. Inu mukanaganiza chiyani?

"Mayooo! Euclides wanga wafera ku Beira! Mzimu wake walowa m'chimanga!"

"Amayi, ndili moyo!" inakuwa nkhokwe.

"Mwamva? Sakudziwa n'komwe kuti wafa! Mayooo!"

Mudzi wonse unakhamukira komweko, wina ndi musi, wina ndi chikwanje, wina ndi kabotolo ka madzi odalitsa. Alendo nawo anafika. A Lino anavula chipewa n'kuyamba pemphero lothamangitsa ziwanda.

"Iwe mzimu, tuluka!"

"Mzimu ndi ndani? Amene akulankhulayo ndani?" inafunsa nkhokwe.

"Ndine Lino wa ku Mongue."

"Eya, a Lino! Ndimafuna inuyo. Tabwerani pafupi ndikuoneni."

A Lino anadumpha chambuyo ngati aponda moto. "Ednilson, tenga njinga! Mudzi umene akufa amafunsira okha za ukwati, iwe sukwatirako!"

M'katimo Hermínio thukuta kamukamu, akufuna batani lozimitsira, chala chikuterereka. Anamva Rosita akulira, anamva wina akuti bweretsani moto tifukize. Anayesa kuima, anayesa kubisala, anaponda apa, anaponda apo. Nkhokwe inamangidwira chimanga, inu, osati mimba ya Hermínio. Phwaa! Pansi panabooka. Miyendo iwiri inatulukira kunsi, lendelende, nsapato zofiira zosongoka zikupalasa mphepo, chimanga chikukhuthukira nkhuku.

Anthu onse maso pa nsapatozo. Ngakhale nkhuku zinayamba zaima.

"Mzimu umenewu," anatero Ofélia pang'onopang'ono, "nsapato zake ndimapukuta ndine."

A Constância anatembenuka msanga n'kupereka msana, chitenje kumaso, pakuti miyendo ya mkamwini siyoyang'ana. Koma pakamwa sanatseke.

"Ofélia, tawafunsa amuna akowo. M'chimanga mwanga akufunamo chiyani?"

"Auzeni amayi," anayankha mawu a m'nkhokwe, tsopano a Hermínio, "kuti ndikuyendera nthambi. Nsungwi ija ili ndi nthambi yake muno. Tecnologia."

"Nthambi yanji, alamu?" anakuwa Euclides. "Nthawi zonse mukamanditumizira mawu ndimamva nkhuku za amayi! Kwezani foniyi, mwandiika kukhwapa!"

A Lino anabweza chipewa pamutu. Anayang'ana Ednilson, amene maso ake anali pa Rosita. Anayang'ana Rosita. Anayang'ana miyendo ija. Kenako anayandikira, n'kuika phazi limodzi pa mwala wokwerera m'nkhokwe.

"Bambo a Rosita, ine ndakalamba, koma kukwera ndikwera. Mwini mbumba ndilankhula naye m'menemo, pamwamba pa chimanga, ukwati uyende. Koma dazi langa latupa chifukwa cha chivundikiro chanu, ndipo mwana wathu sitingamusiye pakhomo pamene sitikudziwa choona n'chiti. Phazi linalo likwera ndikamva choona. Redi ili kuti?"

Miyendo ija inasiya kupalasa.

"Ababa," anatero Rosita.

Hermínio anapumira m'mwamba, mpweya wake mpaka mankhusu anauluka padenga. Nsapato imodzi inavuka yokha n'kugwa pansi, phi.

"Ofélia, auze amayi andikhululukire," anatero ndi kamawu kakang'ono, kopanda chefe, kopanda sim sim.

"Kwezani mawu, kuno ku Beira sitikumva!"

"Ndati redi ili m'nkhokwe ya apongozi! Mudzi wonse uno, ndi muno mokha! Nsungwi ija ntchito yake n'kuterapo akhwangwala. Kwerani, a Lino, samalani bowo." Anadzikanda m'mutu. "Ndipo mayi a Rosita, mamega aja a m'tsitsi aja... anali anankafumbwe."