Kope la mapasiwedi

Nkhani iyi ndikuiulula ndekha chifukwa pa Malomo yafika kale, ndipo amene akuifotokoza kumeneko akuthira mchere wambiri. Bola muimve kwa mwini wake wopusayo.

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Chaka chatha bungwe lina (dzina ndisunga, eni ake sanalakwe kanthu) linabweretsa maphunziro a aphunzitsi a pa intaneti. Kunabwera mayi wina wovala magalasi, natipatsa aliyense dzina lolowera ndi pasiwedi. Anatichenjeza kuti webusaitiyo ili ndi maso: imalemba tsiku ndi nthawi imene munthu walowa komaliza. Teremu ikatha, wakhama kuposa onse adzasankhidwa kuti aziphunzitsa aphunzitsi anzake m'zoni yonse, ndipo adzapatsidwa tabuleti.

Udindo umenewo ndinaufuna, ndisaname. Zaka khumi ndi ziwiri ndikupuma fumbi la choko mu Sitandade 5, ndipo mumtima ndinali nditasankha kale tayi yodzavala.

Vuto linali netiweki. Pasukulu pathu foni ndi tochi chabe. Kuti ugwire intaneti uyenera kukwera phiri la kuseri kwa tchalitchi, kukaima pa mwala wina wake, n'kukweza dzanja ngati mwana wofuna kuyankha funso. Sabata yoyamba tinakwera tonse asanu ndi atatu. Yachiwiri tinakwera atatu. Yachitatu ahedi anandiitanira mu ofesi, natseka chitseko, nandiuza kuti maondo awo si a dzana, komanso sukulu isachite manyazi. Popeza ine ndine katswiri wa zimenezi, bwanji ndizingowalowera?

Liwu loti katswiri ndi limene linandipha. Pofika Lachisanu ndinali ndi kope lodzaza mapasiwedi a sukulu yonse. Omaliza kubweretsa yawo anali a Mbewe a Sitandade 2, mkulu wa mpingo, munthu woti watsala pang'ono kupuma pantchito. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo webusaitiyo ankaitchula kuti "kanema uja". (Pasiwedi ndinawasinthira ndine, kukhala dzina la ng'ombe yawo, kuti mwina aziikumbukira. Sanaikumbukirepo.)

Lachitatu lililonse tikaweruka ndinkakwera phiri, kope m'khwapa. Kulowa, kudinadina, kutuluka, wina. Ndinaleredwa mwaulemu, choncho ndinkayamba ndi akuluakulu. A Mbewe ndiwo anali oyamba, batire lisanatope, moti ndinkawayankhiranso mafunso onse. Mayankho ndinkawadziwa, chifukwa maphunziro ndinali nditawasunga mu foni ndipo ndinkawerenga kunyumba. Kenako ahedi, kenako ena onse, ine pomaliza monga wogawa chakudya pa ukwati. Kungoti pofika pa dzina langa bandulo imakhala yatha, kapena batire lafa, kapena mvula yafika. Ndinkatsika phiri ndikudziuza kuti munthu amene wakhala pa webusaiti maola awiri sangatchedwe wosalowa. Ndikukumbutseni kuti ndimaphunzitsa masamu.

Anzanga ankandilemekeza, si pang'ono. Uyu mtedza, uyu mbatata. Ndinatupa. Ndinafika poseka aphunzitsi a sukulu zoyandikana nafe kuti adakali m'nthawi ya sileti.

Teremu itatha, zoni yonse inasonkhana m'kalasi imodzi. Mayi wa magalasi uja anaonetsa mndandanda wa mayina pakhoma, nayamikira sukulu yathu. Anati sanaonepo dongosolo lotere: Lachitatu lililonse aphunzitsi kulowa mmodzimmodzi, motsatana bwinobwino ngati pa Mgonero. Ahedi anaweramitsa mutu modzichepetsa. Ine ndinakonza tayi.

Wakhama kuposa onse anatchulidwa. A Mbewe.

Kunamveka nthungululu. Mkuluyo anaimirira osafulumira, namanga batani la jekete, nalandira tabuleti chozondotsa. Atapemphedwa kuti alankhule, anati chinsinsi ndi kulimbikira ndi kusanyoza zinthu zatsopano. Anayang'ana aliyense m'chipindamo kupatula ine.

Mtima unandiwawa, koma ndinaomba m'manja. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Mayi uja anatsitsa mndandanda mpaka pansi penipeni, pamene panali dzina limodzi lofiira. Linali langa. Tsiku lolowa komaliza: sabata yachiwiri ya teremu.

"Aphunzitsi, anzanu onse akukwera phiri," anatero mayiyo. "Inuyo chavuta n'chiyani?"

Kope linali m'chikwama, pamiyendo panga. Ndikanangolitulutsa, ndikanaotcha ahedi, a Mbewe ndi sukulu yonse, koma woyamba kupsa ndikanakhala ine amene ndinkalowa ndi mayina a eni. Ndinayang'ana ahedi kuti mwina anena kanthu. Iwo anali otanganidwa kuwerenga malata kudenga.

"Netiweki, mayi," ndinayankha.

"Netiweki yomweyo imene a Mbewe akuipeza pa msinkhu wawowu?"

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo amene anaseka kwambiri ndi aja ondipatsa mtedza. Pomwepo kunagamulidwa kuti ntchito yoyamba ya a Mbewe pa udindo wawo watsopano ikhale kundithandiza ine, ndipo azitumiza lipoti la mmene ndikuchitira.

Ndiye masiku ano timakwera phiri awiri. Iwo amakhala pa mwala n'kumapuma, ine ndimawayatsira tabuleti, kuwalowetsa, n'kuwakonzera zokaphunzitsa ku zoni. Mukandifunsa chimene ndaphunzirapo, ndinena kuti makina sadziwa amene anatuluka thukuta, amangodziwa dzina. Koma ngati ndinaphunziradi, bwenzi nditasiya.

Sabata yatha inali nthawi ya lipoti loyamba. A Mbewe anatsokomola, nayang'ana kutali, nanena mawu a lipotilo pang'onopang'ono: "Mphunzitsiyu akuyesetsa ndithu, koma akufunikabe kumugwira dzanja."

Popeza iwo satha kutaipa, ndinalemba ndine. Ndinawawerengera, anati zili bwino, ndipo ndinatumiza.